ZA UMOYO WATHU: Shuga Amene Sanadziwike Mtundu Wake

 Mwezi uno ndabwera ndi nkhani ya m'banja mwathu imene yatisowetsa tulo kwa zaka zitatu. Mwini wake wandilola kuilemba, koma dzina lake sinditchula.

Mlamu wanga ndi mlimi wa mbatata ya kachewere, bambo wa zaka 39, wochepa thupi chibadwire, wosamwa mowa, woyenda pa njinga tsiku ndi tsiku. Nthawi ina yokolola anayamba kumva ludzu losatha. Usiku ankadzuka kasanu kukataya madzi, ndipo m'mawa pamalopo pankachita kuda ndi nyerere. Thupi lochepa kale lija linapitirira kutha, mpaka anthu pamudzi anayamba kunong'onezana. Ena ankati ndi matenda a masiku anowa, ena ankati alipo amene wamuchitira kaduka chifukwa cha zokolola. Tsiku lina anayamba kusanza, m'mimba mukupota, akupumira m'mwamba ngati munthu wothamanga mtunda wautali. Tonse tinati ndi malungo. Ku chipatala malungo sanawapeze, koma shuga m'magazi anali atakwera kupitirira pamene kamakina koyezera kamatha kuwerenga. Anamuika diripi ndi insulini, nagona m'chipatalamo masiku 9. Potuluka, pa khadi lake panalembedwa kuti ali ndi shuga wa mtundu woyamba, ndipo anauzidwa kuti adzabaya jakisoni moyo wake wonse.

Itapita miyezi inayi zinthu zinatembenuka. Akabaya jakisoni ankanjenjemera ndi kutuluka thukuta ali kumunda, chifukwa shuga ankatsika mopitirira. Anamwino anamuchepetsera mlingo, nachepetsanso, kufikira dokotala wina anati, "Bambo, shuga wanuyu ndi wa mtundu wachiwiri," namupatsa mapiritsi a metformin. Anakhala bwinobwino chaka ndi theka. Kenaka ludzu lija linabweranso, ndipo lero ali pa jakisoni kachiwiri. Khadi lake lafufutidwa kawiri. Atabwera kwathu anandifunsa mwachisoni kuti, "Alamu, inu mumawerenga mabuku. Tandiuzani, pa madokotala awiriwa akunama ndi uti?"

Ndinamuyankha kuti palibe amene akunama. Aliyense analemba zimene anaona tsiku limenelo.

Zimene timamva pa wailesi n'zakuti shuga alipo wa mitundu iwiri. Kuseri kwa chifu kuli kapamba, chiwalo chimene chimapanga insulini, ndipo insuliniyo ndiye amatsegulira shuga njira kuti achoke m'magazi akagwire ntchito m'minofu. Pa mtundu woyamba, asilikali a m'thupi amasokonezeka nayamba kuwononga tizigawo ta kapamba topanga insulini, kotero kuti munthu sangakhale ndi moyo popanda jakisoni. Pa mtundu wachiwiri insulini amapangidwa ndithu, koma thupi silimumvera bwino, ndipo m'kupita kwa zaka kapamba amatopa. Tinaphunzitsidwanso kuti woyamba ndi wa ana, wachiwiri ndi wa akuluakulu onenepa. Chiphunzitso chimenechi n'chothandiza, koma anthu ambiri kuno kwathu salowa bwino m'nkhokwe ziwirizi. Mlamu wanga si mwana, si wonenepa, ndipo matenda ake achita ngati mtundu woyamba chaka china, ngati wachiwiri chaka china.

Zoterezi madokotala anaziona kale pakati pa anthu akuda. Mu 1994 madokotala a ku New York anafotokoza za odwala amene ankafika ali pafupi kufa, magazi atadzaza ndi asidi monga zimachitikira pa mtundu woyamba, koma patapita masabata kapena miyezi ankasiya kufuna insulini. Matendawa anawapatsa dzina la Flatbush, dera la ku Brooklyn kumene odwalawo ankakhala, ndipo aonekanso m'maiko ambiri a muno mu Africa. Chimene chimachitika n'chakuti shuga akakwera kwambiri kwa nthawi yaitali, iye yemweyo amafooketsa kapamba, ngati ng'ombe imene yagwa m'goli chifukwa cha kulema. Insulini wa jakisoni akaipumitsa imadzukanso n'kuyamba kukoka. Koma ng'ombe yotere siiwala kugwa kwake: ambiri mwa odwalawa shuga amadzawakwereranso pakapita nthawi, ndipo ena amabwerera pa jakisoni. Ine si dokotala wa mlamu wanga, koma nditawerenga zimenezi ndinaona ngati akunena za iye.

Palinso mtundu wina umene umachita mosiyana ndi umenewu. Umayamba mwa munthu wamkulu pang'onopang'ono, mapiritsi n'kumagwira ntchito chaka chimodzi kapena zingapo, pamene asilikali a m'thupi akudya kapamba mwakachetechete ngati chiswe. Madokotala amautcha LADA. Munthu wotere amadzudzulidwa kuti sakusamala kadyedwe, pamene vuto lake n'lakuti insulini watha.

Ndipo pali nkhani ya njala, imene ife a chigawo chino sitingaiwerenge ngati ya anthu ena. Mu 1955 ku Jamaica kunaoneka achinyamata oonda kwambiri okhala ndi shuga wosafanana ndi mitundu iwiri ija. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza mu 1985 kuti ulipo shuga wobwera chifukwa cha kuperewera kwa zakudya, koma mu 1999 linauchotsa m'kaundula ponena kuti umboni sunakwane. Mu Epulo 2025, pa msonkhano wa ku Bangkok, bungwe la International Diabetes Federation linauzindikiranso, niliutcha mtundu wachisanu. Maganizo ake ndi akuti mwana akasowa chakudya ali m'mimba kapena ali wamng'ono, kapamba wake sakula mokwanira, ndipo akadzakula insulini amamuperewera. Mlamu wanga anabadwa m'kati mwa nkhondo, anakulira m'misasa ya othawa kwawo ku Malawi, ndipo chilala cha 1992 chinamupeza ali ndi zaka 6. Ndi angati mwa ife amene mbiri yawo ndi yomweyo? Komabe sindifulumira kunena kuti wake ndi umenewu, pakuti anthu a mtundu wachisanu kawirikawiri magazi awo sadzaza asidi monga anachitira ake. Chofunika kudziwa n'chakuti anthu otere insulini wochepa amawakwanira, ndipo mlingo waukulu ungawagwetse.

Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2025 anayeza ana ndi achinyamata pafupifupi 900 a ku Cameroon, Uganda ndi South Africa, onse olembedwa kuti ali ndi mtundu woyamba. Mwa 100 alionse, 65 analibe m'magazi mwawo zizindikiro zija zosonyeza kuti asilikali a m'thupi ndiwo anawononga kapamba. Insulini anali wowaperewera ndithu, koma chifukwa chake chinali china. Mabuku ambiri amene madokotala athu anaphunzira analembedwa poyang'ana odwala a ku Ulaya ndi ku America, ndiye tisadabwe namwino wa kwathu akamakanda m'mutu. Ngakhale WHO yomwe, pokonzanso kaundula wake mu 2019, inasiya malo a shuga amene sanadziwike mtundu wake, makamaka pamene munthu wangopezeka kumene ndi matendawa.

Zoyezera zothandiza kusiyanitsa zilipo ziwiri. China chimafufuza zizindikiro za asilikali osokonezeka aja, monga chotchedwa GAD. China, chotchedwa C-peptide, chimaonetsa kuchuluka kwa insulini amene thupi likupangabe lokha, ndipo chimanena zoona bwino chikayezedwa shuga atakhazikika, osati tsiku limene munthu wagonekedwa ali kayakaya. Koma zoyezera zimenezi sizipezeka m'zipatala zathu zazing'ono zakumidzi, ndipo mlimi wa mbatata sangagulitse munda kuti adziwe dzina la nthenda. Chotsala kwa ambiri a ife ndi nthawi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo shuga wotere amadziulula yekha pakapita miyezi ndi zaka.

Tsono munthu akhale bwanji m'nyengo yodikirayi? Ine ndaona kuti funso lothandiza kwa dokotala ndi ili: "Kodi thupi langa panopa likufuna insulini kapena ayi?" Yankho lake likhoza kusintha, ndipo kusinthako si umboni wakuti wina analakwitsa. Pamene pali chikaiko, ndipo munthu akuonda kapena anadwalapo mpaka magazi kudzaza asidi, madokotala amasankha kumusiya pa insulini, chifukwa kulakwira mbali imeneyo kumakonzeka pochepetsa mlingo, pamene kulakwira mbali inayo kumatha ndi maliro. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2005 anayerekeza kuti mwana wakumudzi muno mu Mozambique akapezeka ndi mtundu woyamba, nthawi imeneyo ankakhala ndi moyo pafupifupi miyezi 7 yokha. Mankhwalawo anali atatulukira kale ku Toronto mu 1921. Chimene chinkapha anawo chinali kusowa kwake, kapena kusadziwika kwa matenda.

Apa ndiyenera kulankhula za ife a mu mpingo, ndipo ndilankhula mwaulemu. Pamene mlamu wanga anasiya jakisoni, anaimirira m'kachisi kuthokoza, ndipo tonse tinakondwera naye. Kuthokozako kunali koyenera. Cholakwa chathu chinabwera pambuyo pake. Tinayamba kunena kuti wachira, iye naleka kupita kukayezetsa, ndipo ludzu litabweranso anabisa kwa mwezi wathunthu poopa kuti anthu adzati chikhulupiriro chake chazirala. Mwezi umenewo ukanatha kumutenga. Choopsa china n'chakuti pa tchalitchi chomwecho pali mtsikana amene ali pa insulini kuyambira ali wamng'ono, ndipo anthu ena abwino mtima anayamba kuuza amayi ake kuti nayenso ayese kusiya. Shuga wa mtsikanayo si wa mlamu wanga. Iye atasiya, masiku ochepa okha angakwane kumugoneka. Abusa ndi akulu a mpingo, tithandizeni pa ichi: munthu asasiye jakisoni kapena mapiritsi chifukwa cha umboni wa mnzake. Ndiponso pakalengezedwa kusala kudya, nenani poyera kuti amene ali pa insulini kapena pa mapiritsi onga glibenclamide ayambe afunsa ku chipatala, kuti asachite manyazi kudya.

Zizindikiro ziwiri aliyense wa m'nyumba azidziwe. Kusanza, kupweteka m'mimba, kupuma mozama ndi mofulumira, mpweya wa m'kamwa wonunkhira ngati zipatso zakupsa, kusinza kosadziwika bwino: ameneyo ndi shuga wokwera amene wayamba kudzaza asidi, ndipo wodwala apite ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale pa khadi pake palembedwe mtundu wachiwiri. Mukafika nenani msanga kuti ali ndi shuga, asangoyezedwa malungo okha. Kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi ndi kulankhula zosokonekera: ameneyo ndi shuga wotsika, pansi pa 3.9 kapena 70 malinga ndi kamakina kanu. Mpatseni masupuni aang'ono atatu a shuga m'madzi, ndipo akatsitsimuka adye chakudya. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangani naye. Kutsika kotere kukamachitika kawirikawiri, kauzeni anamwino, chifukwa mwina kapamba wayambanso kugwira ntchito ndipo mlingo uyenera kuchepa.

Ndanena kuti 3.9 kapena 70 chifukwa timakina timawerenga m'njira ziwiri, mmol/L ndi mg/dL. Nambala 7 pa kena ndi 126 pa kanzake. Ife a m'malire, amene lero tiyezetsa kuno mawa tsidya linalo, tizilemba nambala pamodzi ndi zilembo zake.

Za kasungidwe ka insulini, ambiri amada nkhawa posowa firiji. Mu 2021 ofufuza a ku yunivesite ya Geneva pamodzi ndi Médecins Sans Frontières anaonetsa kuti botolo lotsegulidwa limasunga mphamvu yake kwa masabata anayi pa kutentha kosinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37, monga kunalili ku msasa wa othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya. Kuno ku mapiri a Angónia kumazizira kuposa pamenepo. Mlamu wanga amaika botolo lake m'kachitini kotseka bwino, n'kukakwirira mu mchenga wonyowa m'kamphika ka dothi, pamthunzi, kutali ndi moto. A ku Tete, kumene dzuwa limapitirira madigiri 40, asamale koposa.

Chimene chatithandiza kwambiri ndi kope la sukulu la mtengo wochepa. M'menemo mlongo wanga amalemba tsiku, nambala ya shuga, mlingo wa mankhwala, kulemera kwa thupi, ndi tsiku lililonse limene mwamuna wake wanjenjemera kapena kudwala. Anamwino amasinthidwa, makhadi amatayika, koma kopelo limanena mbiri yonse kuyambira tsiku la diripi lija. Dokotala amene anamuona mwezi watha anakhala nalo nthawi yaitali akutembenuza masamba, nachepetsa jakisoni wa madzulo, namuuza kuti abwerenso pakatha masabata 6. Pa mzere wa mtundu wa shuga sanalembepo kanthu. Mlamu wanga anafunsa chifukwa chake, ndipo dokotalayo anati adzalemba akadzaona masamba ena.