Kutukwana pa Lamya: Bwalo Lopanda Nyakwawa

Ku Chiwamba, monganso ku Nsaru ndi ku Kabudula, munthu wotukwana mnzake pagulu amaitanidwa ku bwalo. Kumeneko amalankhula mmodzimmodzi, nyakwawa ili kumva, ndipo wolakwa amapepesa ndi nkhuku. Pakuti mawa adzakomananso pa maliro kapena pa chitsime, yense amasunga pakamwa pake.

Tsono lero mikangano yambiri yasamukira pa Facebook ndi pa WhatsApp, kumene kulibe nyakwawa. Munthu abisala m'dzina lachilendo, nayankha mfundo ya mnzake ponyoza mtundu wake, chigawo chake, ngakhale amayi ake omubala. Ofatsa angokhala chete, bwalo nkutsalira aphokoso okha.

Boma linaika lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act m'chaka cha 2016. Linati wosautsa mnzake ndi mauthenga achipongwe mobwerezabwereza angathe kulipira K1,000,000 ndi kukhala m'ndende miyezi 12. Woopseza kuvulaza, K2,000,000 ndi zaka 5. Koma milandu yomveka kwambiri ndi ya onyoza akuluakulu, monga wa mu 2022, pamene namwino wina anamangidwa chifukwa cha mawu onena Pulezidenti Lazarus Chakwera. Mphunzitsi wa kumudzi wotukwanidwa ndi makolo pa lamya asowa kokadandaula.

Mu July 2025 Khoti Lalikulu linathetsa gawo 200 la Penal Code, limene linkamanga woipitsa mbiri ya mnzake. Asayese wina kuti chipongwe chaloledwa: woipitsidwayo akhozabe kusuma kuti alipidwe, kungoti ndalama za loya ziposa kutali mtengo wa nkhuku.