Za Anamwino ndi Nthawi Zao

Ambiri a ife tidandaula kuti tidikira nthawi yaitali pa chipatala cha Mchinji, pa Kapiri kapena pa Guilleme. Tiyeni tilingalire nchito ya mkulu wa anamwino. Iye agawa anthu ake owerengeka: ena usana, ena usiku, ena akapumule, pakuti wochezera usiku akagwiranso m'mawa angalakwitse mankhwala. Dzinja likafika, malungo adzaza chipinda cha ana, anamwino ali omwewo. M'chaka cha 2005 Boma lidaonjezera malipiro ao ndi 52 pa 100 kuti asathawire kunja, koma akali ochepa, ndipo mutu umodzi susenza denga. Tsono tifike msanga matenda asanakule, ndipo ana athu anzeru tiwatumize kukaphunzira unamwino.