Si hamala, ndi magazi oundana

Munthu akadzuka mkono ndi mwendo zitafa mbali imodzi, pakamwa patapotoka, mphekesera imafika pamsika wa Liwonde kapena pa Ulongwe wodwalayo asanafike n'kuchipatala komwe: "Amumenya ndi hamala usiku." Ena amawonjezera kuti BP singachite zimenezo chifukwa dzulo lomweli mwiniwakeyo anali kumunda, ali bwinobwino. Ife tikukana.

BP siimveka kuwawa, ndipo apo ndi pamene imapusitsira anthu. Magazi akamathamanga mopyola 140/90 kwa zaka, amakanda kachikopa kosalala ka m'kati mwa mitsempha. Thupi limaona ngati pali bala, n'kutumizapo maselo oyera, asilikali ake aja. Pamalopo pamatupa, kutupa kosaoneka ndi maso, ndipo mafuta amayamba kuunjikana pansi pa kachikopako. Mtsempha wabwino umatulutsa nitric oxide woletsa tizidutswa toundanitsa magazi kumatirira. Wotupa umatulutsa wochepa. Chiwindi nacho, pomva za kutupako, chimachulutsa fibrinogen, ulusi womangira magazi. Tsiku lina chotupa cha mafuta chija chimang'ambika, magazi n'kuundana pomwepo, ngati zinyalala zotseka ngalande ya sikimu, ndipo ubongo wa kutsogoloko umasowa mpweya: imeneyo ndiyo sitiroko. Usiku umodziwo umangomaliza ntchito ya zaka zambiri.

Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi Mmalawi mmodzi mwa atatu azaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa. Wina wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2016, anaonetsa kuti BP ndi HIV, inanso yoyambitsa kutupa m'mitsempha, ndizo zikutsogolera pa sitiroko kuno. Afiti angakwanitse bwanji chiwerengero chotere?

Choipa cha nkhani ya hamalayi n'chakuti banja limathera maola kwa sing'anga, kenako chala chimaloza gogo wa pakhomo loyandikana, chonsecho lamulo la 1911 limaletsa kunamizira munthu ufiti.

Chenjezo limodzi: sitiroko ina imabwera mtsempha ukaphulika, choncho musamwetse wodwala asipirini mwa inu nokha. Thamangirani naye kuchipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka. Amene muli pa mankhwala a BP monga amlodipine kapena HCTZ, musasiye poti mutu waleka kupweteka, ndipo mchere wa tsiku lonse, kuphatikizapo wa m'matemba ndi m'kanyenya, usapyole magalamu 5.