Boma Limasintha, Dziko Limatsala

Amayi ndi abambo a ku Mitundu, Nathenje ndi midzi yonse yozungulira, tamverani. Alipo anthu amene amayendabe m'midzi kumaopseza kuti boma likasintha ndiye kuti nkhondo yafika, ndipo dera lomwe silinavotere wopambana lidzaona zakuda. Limeneli ndi bodza lakalekale, ndipo mbiri yathu yomwe ikulitsutsa.

Kumbukirani m'mene zinthu zinalili. Popanda khadi la chipani sumalowa mumsika, sumakwera basi, ngakhale mayi wodwala amabwezedwa ndi ayufi. Pa 8 Malichi 1992 mabishopu a Katolika anatulutsa kalata yodzudzula nkhanzazi. Pa 14 Juni 1993 tinaponya voti ya referendamu: nyali kapena tambala wakuda. Mwa anthu 100 aliwonse, oposa 60 anasankha nyali, kutanthauza matipate. Kuno kuchigawo chapakati ambiri anasankha tambala. Kodi alipo amene anawotcheredwa nkhokwe ndi boma chifukwa cha zimenezo? Ayi ndithu.

Kenaka pa 17 Meyi 1994 kunabwera chisankho chachikulu. A Bakili Muluzi a UDF anapeza mavoti 47 pa 100, Dr. Kamuzu Banda 33, a Chakufwa Chihana a AFORD 19. Ku Nyumba ya Malamulo, pa mipando 177, UDF inatenga 85, Kongeresi 56, AFORD 36. A Ngwazi, amene ankatchedwa pulezidenti wamuyaya, anavomera pa wailesi kuti agonja. Boma linasintha, dzuwa linatuluka monga mwa masiku onse, ndipo chaka chomwecho ana anayamba kuphunzira ulere ku pulayimale.

Zimenezi sizachilendo padziko. Ku Britain, m'chaka cha 1880, patangopita zaka zinayi amishoni a ku Scotland atakhazikitsa mishoni ya Blantyre, anthu anachotsa boma la Benjamin Disraeli ndi kupatsa mphamvu chipani cha William Gladstone. Mfumukazi Victoria inkakonda Disraeli ndipo Gladstone simkamufuna m'pang'ono pomwe, komabe inamuitana kuti akhale nduna yaikulu chifukwa mavoti anali atalankhula. Kuyambira 1872 kumeneko ankavota mwachinsinsi, kuti mwini munda asadziwe zimene wantchito wake wasankha. Ngati mfumukazi inagonjera voti, nanga phungu wa kwanu kuno ndi ndani?

Tsono taonani chodabwitsa. Nyali imene ambiri kuno anaikana ndi yomwe inabwezera Kongeresi m'boma mu Juni 2020, pamene a Lazarus Chakwera anapambana chisankho chobwereza khoti litafafaniza cha 2019. Ndipo nyali yomweyo ndi imene inawatulutsanso pa 16 Seputembala 2025, a Peter Mutharika atapambana. A Chakwera nawo anavomera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pansi pa chipani chimodzi wogonja analibe mawa. Pansi pa matipate wogonja amakhala pansi, kukonza zolakwa zake, n'kudzapemphanso.

Sitikunena kuti kusintha boma kumadzaza nkhokwe. Feteleza wakwera mtengo, wogula fodya ndi mtedza amatiponderezabe pa sikelo, kwacha yatha mphamvu. Koma kale ukadandaula zotere umakagona kundende popanda mlandu. Lero uli ndi chikwapu m'manja mwako, ndipo chikwapucho ndi voti.

Choncho musagulitse voti yanu ndi nsalu, mchere kapena ndalama ya kachasu. Wandale akabwera pa msika wa Mitundu kapena pa Nathenje, mufunseni za msewu, mankhwala kuchipatala ndi mtengo wa mbewu. A mfumu akakuuzani kovotera, alemekezeni, koma m'kachipinda kovotera mumalowa nokha. Mnzanu wa chipani china musamugende. Mawa ndi yemweyo adzakuthandizeni kukumba manda.

Atsogoleri ndi antchito athu. Wogwira bwino timusunge, waulesi timutsitse. Nyali tinaiyatsa mu 1993, tisalole munthu aizimitse!