Akuti tizipuma, koma nthawi yanji?

Malangizo ndiye sitikuwasowa. Pa wailesi akutiuza, kuchipatala akutiuza, ndipo m'magulu a WhatsApp muli madokotala odzidzoza okha amene amatumiza uthenga tambala asanalire: muzigona maola 8, muzimwa madzi ambiri, muzilimbitsa thupi, muzichepetsa zochita, musamaganize kwambiri. Ife makolo a ku Ndirande, Bangwe, Kawale ndi Area 25 timamva ndithu, ndipo sitikutsutsa. Timangofuna tidziwe kuti olemba malangizowa amawachapira ndani.

Kwathu kuno wotidzutsa ndi mpopi. Madzi akabwera 2 koloko usiku, nthawi yodzuka ndi yomweyo, chifukwa pofika mbandakucha mpopiwo umangotsokomola mpweya. Magetsi akakhala athima, tikupize mbaula ndi chivindikiro cha poto kuti madzi a ana afunde, phala lipse, makala otsala alowe m'simbi yositira yunifolomu. Mwana wina nsapato imodzi sakuiona, wina wakumbukira ali pakhomo kuti aphunzitsi anati abwere ndi tsache. Pofika pa siteji thukuta lili kale kamukamu, kondakitala akukuwa zoti anayianayi, ndipo ikakhala sabata yosowa mafuta, mtengo wa dzulo uiwale, ungouyamba wapansi.

Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Mayi wa ku Mbayani amene amakwera chitunda ndi beseni la mandasi pamutu, mwana kumsana, amazikwanitsa Lachiwiri lisanathe. Palibe amamuwerengera. Woyamikiridwa kuti akusamala thupi ndi uja amathamanga m'mawa atavala nsapato zodula, galimoto ataisiya mumpanda.

Za magulu 6 a zakudya musatiphunzitsenso, tinawaloweza ku sikelo: zokhutitsa, zanyama, nyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene amasankha gulu lolowa m'nyumba ndi msika. Mafuta ophikira tikugula oyeza ndi kachivindikiro. Bonya amene tinkamunyoza uja lero timamupatsa ulemu wa nyama. Nyemba n'zabwino, inde, koma zimadya makala ndiponso maola, ndipo munthu wofika pakhomo 7 koloko usiku, ana akusinza ndi njala, satereka nyemba. Masana kuntchito timathamangira pa chiwaya, kukadya tchipisi cha mafuta amene ada bii chifukwa chobwerezedwa, chifukwa ndi chokhacho chimene chimapezeka msanga bwana asanayang'ane wotchi. Tikudziwanso kuti mchere usamapitirire magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi kakang'ono. Koma ndiwo zikachepa, umene umatsitsa nsima ndi mcherewo. Dzira likapezeka limodzi ndi la mwana, nthochi ndi ya mwana, ife timapukuta m'poto n'kunena kuti tinadya kale m'tauni.

Mwana ali ndi buku lake la kuchipatala lokutidwa bwinobwino ndi pulasitiki, tsiku la sikelo sitiliphonya, katemera aliyense analandira. Mabuku athu ali pansi pa sutikesi, ndipo a ena anadyedwa ndi chiswe kalekale. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'dziko muno magazi ake amathamanga kwambiri, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. Tingadziwe bwanji? Kukayezetsa ndiye kuti m'mawa wonse wathera pa benchi, ndipo kwa wogulitsa tomato m'mawa umenewo ndi ufa wa madzulo. Ndiye mutu ukamawawa timati ndi dzuwa, timagula panado pa okala. Miyendo ikatupa timati taima nthawi yaitali. Kenako timamva kuti a uje anangogwa akusamba, tonse n'kudabwa, poti dzulo lomwe tinali nawo ali bwinobwino.

Langizo lotiseketsa kwambiri ndi lakuti tiphunzire kukana. Tikane ndani? Maliro akachitika m'dera, usiku timakagona kusiwa, m'mawa n'kusamba kumaso kupita kuntchito. Amene amazemba maliro a anzake amadziwika, ndipo tsiku lake likadzafika anthu adzabwera ndithu, koma adzangopinda manja. Apongozi akabwera kuchokera kumudzi kudzaonana ndi dokotala kuchipatala chachikulu, adzagona pathu, ndipo wowadikirira ndi ife. Mwana wa malemu achimwene akasowa fizi, foni imalira kwa ife. Zimenezi sitingazichotse, ndipo sitikufuna kuzichotsa. Munthu wopanda inshuwalansi amadalira anthu, ndipo anthuwo amakumbukira amene anabwera pa tsiku lawo.

Koma tinene zoona, katundu wina timadzisenzetsa tokha. Ukwati umodzi masiku ano uli ndi chinkhoswe, bridal shower, send-off, ndiye kenako tsiku lenilenilo, paliponse nsalu yake, telala wake, perekaniperekani wake. Patapita zaka zingapo eni ake omwewo akutiitananso ku kitchen top-up. Mwana wa zaka 5 akumaliza sukulu ya mkaka, akuti tigule gauni, keke, tilipirenso wojambula, pamene dzina lake sanathe kulilemba. Maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, koma mufunse kholo lililonse za ndalama zimene lakhala likulipira za thumba la chitukuko, mayeso ndi makalasi a masana, mumve yankho lake. Mndandanda wa opereka umazungulira pa WhatsApp katatu pa tsiku, mayina a olipira atawaika kachizindikiro kobiriwira, lako lili lokha mbee. Manyazi amenewo ndi amene amatipititsa ku banki m'khonde, ikakanika kumeneko kwa wa katapila, ndipo tulo ta maola 8 tija timathera pomwepo, maso ali kudenga, tikuwerengera chiwongoladzanja.

Abambo enanu musanamizire kuwerenga nyuzipepala. Mukamati tonse tatopa mofanana, mukumbukire amene anadzuka kukatunga madzi, ndiponso kuti Loweruka masana mpira umapeza nthawi pamene zovala za ana zili m'beseni. Mwana wanu akaoneka akutsuka mbale mumati akuphunzira. Inu mukagwira mbale imodzi mumafuna mudzi wonse umve.

Chodabwitsa n'chakuti zonsezi aliyense amazidandaula. Pa mpopi timadandaula, m'minibasi timadandaula, pobwera kutchalitchi timachita kulumbira kuti chaka chino ayi, nsalu ina sitigulanso. Koma tikakhala pa msonkhano wa komiti ya ukwati, apampando akangofunsa kuti pali wotsutsa kodi, tonse timayang'ana pansi, wina n'kunena kuti zili bwino, tisachititse manyazi banja. Sabata yathayi anagwirizana kuti nsalu ikhale mamita 6, ya amayi ndi ya abambo yosiyana, ndipo ndalama zikhale zitafika kwa msungichuma pasanafike pa 15, malipiro asanatuluke.