Pa Lisiti Ndilembe Zingati?

Aliyense amene adayendapo ulendo wa ntchito kapena wa geni kupita ku Karonga akudziwa mmene thupi limakhalira ukatsika mapiri a Chiweta n'kufika pa boma dzuwa litalowa. Msana uli wophwanya, thukuta lili kamukamu. Munthu wotere safuna zambiri: madzi osamba, bedi laukhondo, neti yopanda zibowo ndi chitseko chokhomeka. Nanga bwanji eni malo ena ogona alendo amaona ngati zinayi izi ndi za mabwana okha?

Ndidagonapo pa nyumba ina m'tauniyi, dzina ndisatchule. Mpope udali gwa, chikhalirecho nyanja ili pafupi pomwepo. Neti idali ndi zibowo zoti nkhuku n'kudutsa. Loko adathyoka kalekale, ndipo mlonda adandilangiza kuti nditsamiritse mpando kuchitseko. Udzudzu ndi nsikidzi zidagawana thupi langa mpaka tambala woyamba. Kutacha nditadandaula, mnyamata wa pakauntala sadapepese. Adangotenga cholembera n'kufunsa kuti, "Bwana, pa lisiti ndilembe zingati?"

Funso limeneli ndiye gwero la matenda onse. Ambiri mwa ife oyendera ndalama za ofesi timalandira za hotela yabwino, n'kukagona motchipa, kenaka n'kupempha lisiti yonenepa kuti chotsalacho chilowe m'thumba. Mwini nyumba adaphunzira kalekale kuti chimene chimamubweretsera makasitomala si ukhondo ayi, koma cholembera. Agulirenji neti yatsopano pamene wakuba mnzake sadandaula?

Olipira tchimo limeneli ndi ena. Ndi amayi a geni odutsa pa chipata cha Songwe kukapikula zitenje ku Kyela ndi ku Mbeya. Ndi ogula mpunga wa Kilombero. Ndi madalaivala a malole ochokera ku Dar es Salaam. Awa alibe alawansi. Chipinda amalipira kuchokera pa mpamba wawo. Mayi wagona ndi ndalama zake m'chiuno m'chipinda chosakhomeka, ndiye mukuti wagona ameneyo? Akabwerera kwawo ndi malungo, phindu lonse limathera ku mankhwala.

Eni malowa amati magetsi amathimathima, madzi amavuta, bizinesi ndi yochepa. Zina n'zoona. Koma Karonga si mudzi wosowa alendo. Msewu wa M1 umadutsa pomwepo. Nyumba yosungiramo zakale, momwe muli chithunzithunzi cha mafupa a Malawisaurus, idatsegulidwa mu 2004. Mgodi wa Kayelekera utayamba mu 2009, anthu a ntchito adakhamukira kumeneko mpaka pamene udaimitsidwa mu 2014. Pa zaka zonsezo, kodi ndalama ya loko mmodzi idasowadi?

Umphawi si chifukwa. Ulendo wina ndidafikira kwa mayi wina wachikulire amene nyumba yake idalibe wailesi ya kanema kapena fani. Koma zofunda zidali zochapa, ndowa yamadzi ili pakhomo, neti yosokedwa bwino, mmawa tiyi ndi phala la mpunga. Mlendo mnzanga atapempha kuti awonjezere nambala pa lisiti, mayiwo adati, "Mwanangu, kuno sitilemba bodza." Mlendoyo adachoka akung'ung'udza. Taonani mmene tafikira: woona mtima ndiye akutaya makasitomala!

Tsono akuluakulu opereka ziphaso za malo ogona alendo asiye kuyendera masana atachenjezeratu. Abwere usiku, agone pa bedi lomwelo, akasambe kubafa komweko. Maofesi azilipira okha kwa eni nyumba m'malo mopatsira munthu ndalama m'manja. Ndipo ife apaulendo tileke kugula bodza. Makolo adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Inde amakamuka, koma pakamwa amapita napo, ndipo mbiri imene amakanena kwawo si ya nyumba imodzi ayi, ndi ya Karonga yense.