Masiku a pakati pa kupopera ndi kuthyola

Pa chikalata chomatidwa pa botolo la mankhwala opopera mbewu pamakhala nambala imodzi imene alimi ambiri saiwerenga. Maso amathamangira pa muyeso, kuti m'sipuleya ya malita 16 muthiridwe mankhwala ochuluka bwanji, ndipo akaupeza botolo limaikidwa pansi. Koma penapake, m'zilembo zing'onozing'ono, pamalembedwa masiku oyenera kupita kuchokera pa tsiku lopopera kufikira tsiku lothyola. Pa mankhwala ena ndi masiku 3, pa ena 7, pa ena 14 kapena kupitirira. Ife tikuti nambala imeneyi ndi nkhani ya umoyo wa anthu a ku Kitwe ndi ku Ndola amene amadya ndiwo za m'madimba athu, ndipo mlimi amene anadutsa pasukulu pano sayenera kuilumpha, ngakhale mtengo pamsika utakoma chotani.

Chimene chimakankha alimi tikuchidziwa. Kachirombo ka matimati kotchedwa Tuta absoluta, kochokera ku South America, kanaoneka ku Spain mu 2006 ndipo kanafika muno m'Zambia mu 2016. Mbozi yake imabisala m'kati mwa tsamba ndi mwa chipatso, ndipo imazolowera msanga mankhwala akamabwerezedwa amodzimodzi. Kuchokera nthawi imeneyo alimi ena amapopera kawiri pa sabata, ena amasakaniza mitundu itatu m'sipuleya imodzi. Tsono matimati akapsa sadikira munthu. Amayi oodetsa ku Chisokone ndi ku Masala amafika m'mamawa ndalama zili m'manja, galimoto ya ku Kasumbalesa yaima pamsewu, ndipo mlimi amene anapopera dzana amadzifunsa ngati angasiye mabokosi makumi awiri kuti aolere m'munda chifukwa cha kanambala ka pabotolo. Funso limeneli si la munthu woipa mtima. Ndi la munthu amene ali ndi ngongole ya feteleza ndi ana ofuna ndalama za kusukulu.

Yankho lathu ndi lakuti funsoli lafunsidwa mochedwa. Malo ake anali kusitolo, pa tsiku logula mankhwala. Matimati akayamba kupsa amathyoledwa kamodzi kapena kawiri pa sabata, choncho mankhwala a masiku 14 alibenso malo m'munda umenewo. Nthawi yake inali mbewu isanabereke. M'nyengo yothyola mlimi agule okhawo a masiku ochepa, athyole kaye zonse zakupsa, ndipo apopere madzulo a tsiku lomwelo kuti masiku odikira ayambe kuwerengedwa pomwepo. Tsikulo alilembe m'kabuku pamodzi ndi dzina la mankhwala, pakuti mutu wa munthu umaiwala mwadala ukaona ndalama. Kuyendera munda m'mawa uliwonse, kuzula ndi kukwirira mapesi a matimati akale, kusabzala matimati pamene pachoka mbatata ya kachewere kapena impwa, ndi kutchera misampha ya fungo lokopa agulugufe aamuna a Tuta, zonsezi zimachepetsa maulendo a sipuleya m'munda. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ulimi wa matimati umafuna kudekha kotereku kuposa botolo lachinayi.

Repu ndi chainizi ndizo zimatidetsa nkhawa koposa, chifukwa tsamba lopoperedwalo ndilo limalowa mumphika, ndipo limathyoledwa sabata iliyonse. Pali chikhulupiriro chakuti mayi akatsuka bwino ndiwo zonse zatha. Madzi amachotsadi gawo la mankhwala okhala pamwamba, monga ufa wa mancozeb umene ambiri amautcha Dithane. Koma mankhwala ena, monga dimethoate, amalowa m'kati mwa mbewu ndi kuyenda ndi madzi ake; amenewo sachoka ndi beseni la madzi, amatha ndi masiku okha. Wogula pamsika alibe njira yowaonera. Amagula mpukutu wobiriwira wopanda chiboo ndi chimodzi chomwe, akusangalala kuti wasankha bwino, n'kukaphikira mwana wa zaka ziwiri amene thupi lake ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi la amene anapopera.

Pa 18 February 2025 damu la zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals ku Chambishi linagumuka, madzi a asidi anatsikira mumtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, minda ya m'mbali mwa mtsinje inapserera, ndipo mipope ya madzi mu Kitwe inatsekedwa. Alimi anakwiya, ndipo anayenera kukwiya, pakuti munthu wa kumtunda anawononga madzi a munthu wa kumunsi amene sanafunsidwe kanthu. Mlandu womwewo, pa muyeso waung'ono, ndi umene amapalamula mlimi wotsukira sipuleya m'kamtsinje kothira mu Kafubu, kapena wotaya botolo m'dambo mmene ena amatungamo. Ngakhale ombwe, umene anzathu a Chibemba amautcha ububa ndipo timaulimbikitsa pothana ndi nsabwe za m'masamba, umapha nsomba ukalowa m'madzi. Botolo likatha litsukidwe katatu, madzi otsukirawo athiridwe m'sipuleya, kenako libooledwe kuti wina asadzasungiremo munkoyo kapena mafuta ophikira.

Koma woyamba kulandira poizoni ndi wopopera mwini wake, ndipo apa m'pamene tikufuna ophunzira atsopano amvetsetse. Ambiri amaopa kupuma utsi wa mankhwala, n'kumanga kansalu pamphuno, osadziwa kuti khomo lalikulu ndi khungu. Sipuleya yodontha imanyowetsa msana kwa maola awiri, dzuwa lili pamutu, thukuta likutuluka. Manja osavala magolovesi ndiwo amatsegula botolo la mankhwala osasungunula, amene ali amphamvu kuposa a m'sipuleya. Mankhwala a gulu la organophosphate, monga dichlorvos, chlorpyrifos ndi dimethoate yemwe uja, amapha tizirombo posokoneza mitsempha, ndipo mitsempha ya munthu imagwira ntchito mofanana ndi ya tizirombo. M'thupi muli chinthu chimene chimazimitsa uthenga wa mtsempha ukafika kumene umapita; mankhwalawa amachimanga, ndipo uthengawo umangolirabe osaleka. Ndiye chifukwa chake munthu amatuluka malovu ndi misozi, amachita thukuta losaneneka, amasanza ndi kutsekula m'mimba, minofu imanjenjemera, kadontho kakuda ka m'diso kamachepa ngati nsonga ya singano, ndipo zikafika poipa chifuwa chimadzaza madzi mpaka kupuma kumakanika.

Zikakhala zochepa, munthu amangomva mutu, chizungulire ndi kufooka madzulo a tsiku lopopera, n'kunena kuti ndi malungo. Malungo alipodi ambiri kuno kumigodi, koma amadziwika poyeza magazi pachipatala. Amene mutu umamuwawa Lachiwiri lililonse limene wapopera ayenera kuuza namwino zimenezo, ndipo ayang'anenso majombo ake, ovolosi yake ndi payipi ya sipuleya yake. Ana ndi amayi oyembekezera asapatsidwe ntchito imeneyi konse, ndipo zovala zopoperera zisachapidwe pamodzi ndi za banja.

Mwambo womwetsa mkaka munthu amene wamwa kapena wathiridwa mankhwalawa tikuupempha kuti uthe. Mkaka suthetsa poizoniyu, umangodya nthawi. Kumusanzitsa n'koopsa koposa, chifukwa masanziwo pamodzi ndi mafuta osungunulira mankhwala angalowe m'mapapo. Chofunika ndi kumuchotsa pamalopo, kumuvula zovala zonyowa, kumusambitsa ndi sopo ndi madzi ambiri (womusambitsayo atateteza manja ake), kumugoneka chammbali ngati wakomoka, ndi kuthamangira naye kuchipatala chapafupi. Kitwe Teaching Hospital ndi Ndola Teaching Hospital ndizo zipatala zathu zazikulu, ndipo ana ku Ndola amalandiridwa ku Arthur Davison. Pa gulu la mankhwala tatchulali madokotala amabaya jekeseni ya atropine, koma pa magulu ena chithandizo n'chosiyana, ndipo iwo sangalote chimene chinali m'sipuleya. Wonyamula wodwala anyamulenso botolo lenilenilo, chikalata chake chili pomwepo.